Kuno mdani wathu ndi minibasi

Alembi, mwati zimabuloko za simenti zotchinga magalimoto zikunyansitsa tauni, bola aikepo miphika ya maluwa ndi mizati yonyezimira. Ndagwirizana nanu theka lokha.

Ku Ulaya zotchingazi zinachuluka pambuyo pa zimene zinachitika mumzinda wa Nice ku France mu 2016, pomwe munthu analowetsa thiraki m'chikhamu n'kupha anthu 86. Kuno ku Johannesburg vuto lathu ndi la tsiku ndi tsiku. Kaimeni pafupi ndi renki ya minibasi ya Bree nthawi yoweruka mukaone nokha. Minibasi imakwera poyenda anthu ngati pakhomo pa agogo ake, amayi ogulitsa matimati n'kunyamula beseni, liwiro. Ine dzana ina inandigunda chigongono ndi galasi, adalaivala osacheuka n'komwe.

Mizati yachitsulo ija ndi yokongola, sindikana, ndipo imasiya mpata woti njinga ya olumala idutse. Koma mphamvu yake ili pansi. Ikapanda kukwiriridwa mozama m'konkire, bampala kungoikhudza yagona. Komanso chitsulo kuno chimachezera? Anyamata a sikirapu amazula ndi zivundikiro za ngalande zomwe.

Za maluwa ndiye musanene. Mphika umene ndimaudutsa popita kuntchito unasanduka bini kalekale, muli zitini ndi mafupa a nkhuku okhaokha. Ine bola mabenchi a konkire olemera, munthu n'kupumirapo podikira basi. Kungoti awapake penti yowala, chifukwa magetsi akazima usiku opunthwapo timakhala ife tomwe.