Jamu: ku Joni amamudzala, kwathu timamuzula

Ndili mwana kwathu ku Dedza, jamu sitinkamudzala. Ankangomera yekha padzala potayira phulusa, kapena m'mphepete mwa dimba pamene mbalame zagwetsa nthanga. Anafe tinkakwawira pansi pa masamba kutola zogwa zokha, kung'amba kachikopa kouma ngati pepala kaja, n'kuponya m'kamwa kachipatso kachikasu kotsekemera mowawasira. Akuluakulu popalira chimanga ankangomuzula limodzi ndi chisoso.

Nditapita kukagwira ntchito yosamalira maluwa ku Johannesburg, ndinadabwa kumupeza jamu yemweyu m'sitolo, m'timabokosi tapulasitiki, pamtengo woti munthu uyambe waganiza kaye. Kumeneko amati Cape gooseberry, a chilankhulo cha Afrikaans amati appelliefie. Dzinalo lisakunamizeni: kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes, cha ku Peru ndi Colombia, koma ku Cape anayamba kumulima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero amamuphika n'kuika m'mabotolo kuti azipaka pabuledi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti iwo amachita kulimbana ndi nyengo. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi ku Joni chimawaula mbewuyi, choncho amafesa cha mu Seputembala, n'kuthamangira kukolola chisanu china chisanabwere. Ife dziko linatikonda. Jamu womera ndi mvula ya mu Disembala amayamba kupsa mvula ikamatha, cha mu Epulo, n'kupitiriza m'nyengo yozizira, ndipo ukamamuthirira tsinde lomwelo limabereka zaka ziwiri kapena zitatu. Komabe amene amaonetsa kuti akudziwa phindu lake ndi anyamata a paphiri la Zomba, omwe amaimika magalimoto ndi timadengu ta jamu ndi sitiroberi.

Apa anzathu akummwera anatiposa, ndivomere. Nditabwerako ndinadzala mapando asanu ndi limodzi kuseri kwa nyumba, motalikirana mita imodzi, n'kuzika timitengo kuti nthambi zisagone pansi. Chaka choyamba ndinathira manyowa a nkhuku ochuluka, ndinakolola masamba okhaokha. Jamu amakonda dothi losanona kwambiri, losasunga madzi. Zipatso zobiriwira ndimaletsa ana kudya chifukwa zimapweteka m'mimba. Timadikira kachikopa kaume, ndipo zimene tatola timazisunga osasenda m'lichero pamalo ouma, zimatha mwezi osaola.