George Banks si wankhanza, musamunamizire

Dzulo usiku ndinapsa mtima kwambiri. Timaonera Father of the Bride ija ya 1991 ya Steve Martin, ine, amayi ndi mwana wa achemwali anga wa ku koleji. Filimu isanafike ndi pakati pomwe mtsikanayu wayamba kale, ati George Banks, bambo wa mufilimuyo, ndi wankhanza, ati akufuna kumulamulira mwana wake. Wankhanza? George Banks? Aaa ayi, pamenepo sindingalole.

Taganizani, mwana wako wamkazi wazaka 22 wangobwera kumene kuchokera ku Rome, mwakhala pa tebulo mukudya, basi akukuuza kuti adadi ndapeza mwamuna ndikukwatiwa, mnyamata woti sunamuonepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndiye iweyo uziimba nthungululu? Bambo uja akamuyang'ana Annie amaona kamwana kake komwe kaja amasewera nako basketball pakhomo. Mwana sakulira nakubala, nkhani ndi imeneyo basi.

Zopusa anachita ndithu, sindikukana. Anakagwera mu swimming pool kwa asewere ake atayamba kufufuza zinthu za eni ake, apolisi anamutsekeranso chifukwa chong'amba mapaketi a mabanzi mu shopu, ati sangalipire mabanzi 12 pomwe masoseji amabwera 8. Mutu unali utazungulira, ukwati wa madola 250 munthu mmodzi si masewera. Koma kodi ukwatiwo anauletsa? Ayi. Ndalama anatulutsa yekha, phwando linachitikira pakhomo pake, ngakhale tsiku lomwe Annie anakangana ndi bwenzi lake Bryan mpaka kufuna kuthetsa zonse, amene anakawayanjanitsa ndi bambo yemweyo. Wankhanza amachita zimenezo? Ndi mantha a kholo amenewo, chikondi chosowa pochiika. Nkhanza ife timazidziwa, sizioneka choncho.

Kumapeto kuja sanapeze ndi mpata womwe wotsanzikana ndi mwana wake, kenako foni ikulira, Annie ali pa bwalo la ndege akuti adadi ndimakukondani. Amayi anangotenga nsonga ya chitenje n'kupukuta m'maso, sanayankhule kanthu.

Mwana wa achemwali uja nthawi imeneyo maso ali pa TikTok. Ndipo khalidwe ili loonera filimu uku chala chili pa foni landikwana, munthu waona mphindi khumi zokha koma pakamwa ndiye mbwee kuweruza. Ngati simukufuna kuonera kagoneni, tisiyeni ife tionere.