Kasiketi ka neti kaja kanayamba ngati chovala cha ntchito

Masiku ano simungapite ku ukwati kapena ku phwando la tsiku lobadwa la mwana osaonako kamtsikana katavala siketi ya neti yofufuma, yapinki kapena yoyera. Matelala athu afika mpaka poika neti kunsi kwa diresi ya chitenje kuti iziima bwino. Ambiri timangoti ndi zovala za ana, zojambulitsira zithunzi basi. Ineyo zimenezi zimandiwawa pang'ono, chifukwa siketi imeneyi, yomwe eni ake amaitcha tutu, inabadwira pa ntchito yakalavulagaga. Nthawi iliyonse imene inasintha maonekedwe, chinaisintha ndi miyendo ya akazi ogwira ntchitoyo.

Nkhani yake ambiri amaiyambira pa 12 Malichi 1832, ku Paris Opera, bwalo lalikulu la zisudzo ku France, pamene Marie Taglioni anavina gule wa ballet wotchedwa La Sylphide. Anavala siketi yoyera ya nsalu yopyapyala, yosanjikiza kangapo, yolekeza pakati pa bondo ndi kakolo. Kwa ife imeneyo ndi siketi yaitali yoti mukhoza kulowa nayo m'tchalitchi, koma nthawi imeneyo inali yaifupi. Anaidula dala. Bambo ake, Filippo Taglioni, amene anakonza guleyo, anali atamuphunzitsa mwankhanza ndithu, maola 6 pa tsiku, mpaka mwanayo anatha kuvina chonyang'ama pansonga penipeni pa zala zakuphazi ngati sakugunda pansi. Ndiye munthu wavutika chonchi, mapaziwo abisikenso m'nsalu? Siketi inayenera kukwera kuti anthu aone chimene analipirira pakhomo. Pofika 1841, pamene gule wina wotchedwa Giselle anatuluka, siketi yoyerayi inali itasanduka yunifolomu ya ovina.

Mbali imene anthu a fashoni sakonda kuikamba ndi ya moto. Mabwalo a zisudzo nthawi imeneyo ankawalitsidwa ndi nyale za gasi, zina zili pansi m'mphepete mwa siteji, malawi ali poyera. Nsalu yopyapyala yodzaza mpweya ikangokhudza lawi, munthu yense ankayaka nthawi yomweyo. Wovina wina, Clara Webster, anapsa choncho ku bwalo la Drury Lane mu London mu 1844 ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Boma la France linalamula mu 1859 kuti zovala za pa siteji ziziviikidwa mu mankhwala oletsa moto, koma mankhwalawo ankaumitsa nsalu ndi kuithimbiriritsa. Emma Livry, mtsikana amene Marie Taglioni mwiniwake anamukonzera gule, anakana kuvala zoterozo, mpaka analemba kalata yoti chilichonse chimene chingamugwere ndi mlandu wake. Mu Novembala 1862, akuyeserera gule, siketi yake inagwira moto. Anavutika ndi zilonda miyezi 8 n'kumwalira mu Julayi 1863 ali ndi zaka 20 zokha. Zidutswa za chovala chakecho zikusungidwabe ku Paris.

Pali ena amati Livry anafa chifukwa chokonda kutchena. Ine ndimakana. Ntchito yake inali yooneka wopepuka ngati mzimu, ndipo wovina wooneka wolemera ndi wothimbirira akanamuchotsa n'kuikapo wina. Anasankha pakati pa ngozi ndi njala. Eni bwalo akanatha kutchinga nyale zija bwinobwino, koma chinawapepukira ndi kulandira kalata ya mtsikanayo n'kuiika mu kabati. (Ndipo poti tanena za moto, amayi anzanga, neti ya masiku ano ndi ya nayiloni, ikapsa imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mwana akavala kasiketi kameneka asayandikire mbaula kapena makandulo a pa keke.)

Atsikana ambiri a ku Paris Opera anali ana a amphawi. Amene anaumbidwa ndi mmisiri wojambula Edgar Degas, chiboliboli chimene anachionetsa mu 1881 atachiveka siketi ya nsalu yeniyeni, anali Marie van Goethem, mwana wa mayi wochapa zovala za anthu. Azibambo achuma olipira mipando ya chaka chonse ankaloledwa kulowa kuseri kwa siteji kukacheza ndi atsikanawa, ndipo mukudziwa kale kuti kucheza kwake kunali kotani. Ndiye mukamaona zithunzi za Degas pa makalendala, dziwani kuti mukuona ana ali pa ganyu.

Siketi inakweranso kachiwiri ku Russia. Ovina ochokera ku Italy anafika ku St Petersburg ndi luso la miyendo limene anthu kumeneko anali asanalionepo. Virginia Zucchi anafika mu 1885 ndipo amakumbukidwa kuti ankavina ndi siketi yaifupi kuposa imene akuluakulu a bwalo ankafuna. Pierina Legnani ankazungulira ka 32 pa mwendo umodzi osapumira, ndipo anachita zimenezi mu gule wa Swan Lake wokonzedwa ndi Marius Petipa ndi Lev Ivanov mu 1895. Kuzungulira kotero sikutheka nsalu ikukulunga m'maondo, komanso woonera afunika aone mwendo wonse kuti akhulupirire. Pang'ono ndi pang'ono siketi inachoka m'maondo, kufika m'ntchafu, mpaka inadzaima m'chiuno yambalambanda ngati lichero, ina ili ndi waya mkati kuti isagwe.

Wayayo anabweretsa vuto lake. Ovina akaima moyandikana, masiketi ankagundana, ndipo munthu akaima siketi inkapitirizabe kugwedera. George Balanchine, wokonza magule wa ku New York City Ballet, zimenezi zinkamusokoneza. Anathetsa vutoli ndi telala wake, Barbara Karinska, mayi wobadwira ku Kharkiv. Mu 1950, pa gule wa Symphony in C, anachotsa waya, nachepetsa neti, naifupikitsa, n'kuilumikiza momasuka kuti iziyenda limodzi ndi thupi. Dzina la Balanchine aliyense wokonda ballet amalidziwa. La Karinska muyenera kuchita kulifufuza, chonsecho mayiyu analandira ndi mphoto ya Oscar yomwe chifukwa cha zovala za mu filimu.

Amene munagwirako singano mundimvetsa apa. Tutu yeniyeni si neti yomangirira pa lasitiki ngati zimene timagula pamsika. Neti yolimba imadulidwa mizere 10 kapena kuposerapo, uliwonse wotambalala kuposa unzake, ndipo umodziumodzi umapindidwa timapinda ting'onoting'ono n'kusokerera pa kabudula wamkati. Kenako telala amalumikiza mizereyo ndi ulusi pamanja kuti isabalalike. Kumtunda kuli kansalu kogwira chiuno, ndiyeno bulauzi yothina ya zidutswa zambiri. Kumsana amaika mizere ingapo ya ngowe kuti chovala chimodzi chikwane anthu osiyana matupi, ndipo mkati mumapezeka mayina a onse amene anachivalapo, ena anapuma kalekale. Sichichapidwa wambawamba, m'mabwalo ambiri amangochipopera vodika kuti fungo la thukuta lichoke, n'kuchipachika chozondotsa kuti chisalefuke. Mnyamata wonyamula wovinayo amatuluka pa siteji manja ndi nkhope zitakalika ndi neti. Chimene inu mumachiona chofewa muli patali, pafupi chimakanda.

A fashoni anatengapo mbali yokongolayo. Christian Dior atatulutsa masitayilo ake a 1947, chiuno chothina ndi siketi yotambalala yodya nsalu yambiri anthu atangochoka m'nkhondo, maonekedwe a wovina ballet analowa mumsewu, ndipo posakhalitsa anasoka diresi yakuda imene anaitcha Cygne Noir. Mu 1956 Rose Repetto, wosoka nsapato za ovina, anapangira katswiri wa mafilimu Brigitte Bardot nsapato zafulati, zomwezi zadzaza pa kaunjika lerozi. Christian Lacroix anabwera ndi masiketi ofufuma m'zaka za m'ma 1980. Kasiketi koyera kamene Sarah Jessica Parker anavala koyambirira kwa sewero la pa TV la Sex and the City mu 1998, wosankha zovala za sewerolo Patricia Field anakatola mu mulu wa zotchipa pa madola 5, ndipo mu Januwale 2024 kanagulitsidwa pa okushoni madola 52,000. Sindikudana nazo, zina mwa izo ndi zokongola kwabasi. Chimene chimandivuta ndi chakuti pofika kwa ife, tutu yasanduka chizindikiro cha mkazi wofewa, wosalimba, woti azingomuyang'ana, pamene anaiyambitsa ndi akazi a zala zotuluka magazi.

N'chifukwa chake amene anaivala mondikhutiritsa ndi katswiri wa tenisi Serena Williams. Mu 2018 anasewera mpikisano wa French Open atavala chovala chakuda chothina thupi lonse, chimene chinkamuthandizanso pa vuto la kuundana kwa magazi atabereka. Mkulu wa tenisi ku France, Bernard Giudicelli, ananena kuti chovala chotero sadzachilolanso. Patangopita masiku ochepa Serena analowa m'bwalo la US Open atavala tutu yakuda yokonzedwa ndi Virgil Abloh ndi Nike. Diresiyo inali itasokedwa kale mkuluyo asanayankhule, choncho sikuti anaisokera kumuyankha, koma anaichitira thukuta mpaka kufika nayo mu fainolo.

Winanso ndi Dada Masilo, wovina ndi wokonza magule wa ku Soweto, amene anatisiya mu Disembala 2024 ali ndi zaka 39. Mu Swan Lake yake ya 2010 anaveka tutu amuna ndi akazi omwe, opanda nsapato, akuponda pansi mwamphamvu ndi kugwedeza chiuno monga timavinira kuno kwathu, nthungululu zili pakamwa. Guleyo anazungulira naye m'mabwalo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo anthu ankachita kulimbirana matikiti.