Mukuweta mbuzi kapena mukuweta njoka?

Anthuni ndiloleni ndilankhule, olo munene kuti mdala uja wayambanso, galu wamkota sakandira pachabe. Sabata yathayi mlamu wanga kuno kumtunda kwa Ntcheu wataya mbuzi zitatu m'masiku asanu, zonse zazikazi, ina yasiya tiana tiwiri toyamwa. Mmene ndimafika n'kuti mkangano utabuka kale, akuti pali wina wathira tameki pa msipu chifukwa cha nkhani ya malire a munda, mayina akutchulidwa, kamwana katumidwa kale kukaitana amfumu. Ine ndinangoti tabwerekeni mpeni. Titatumbula yomwe inafa mmawa umenewo, nyama yake inali yotuwa mbuu, magazi ngati madzi otsukira mbale, ndiye titang'amba chifu chomaliza chija cholumikizana ndi matumbo tinapeza tinjoka tochuluka ngati ulusi, tofiira, tina tooneka ngati munthu wapota ulusi wofiira ndi woyera pamodzi. Mfiti yake inali imeneyo. Onse anangoti ziii, ndipo mpaka lero palibe wapita kukapepesa kwa bambo amene amawatchula aja.

Kanjoka kameneka a vetenale amakatcha Haemonchus contortus. Sikakula, masentimita 2 kapena 3 basi, koma kamaboola khoma la chifu n'kumayamwa magazi usana ndi usiku. Zopotana zija, chofiiracho ndi matumbo ake odzadza magazi a mbuzi yanu, choyeracho ndi thumba la mazira. Kakakazi kamodzi kamaikira mazira 5,000 mpaka 10,000 pa tsiku. Pa tsiku, osati pa chaka! Ndipo tikakwana 1,000 m'chifu timatha kumwa magazi okwana timasipuni 10 ta tiyi tsiku lililonse, ndiye taganizani kambuzi kathu kachikudaka komwe kakuyamwitsanso ana awiri, kangapirire masabata angati.

Tsono chomwe chimandipweteka ndi ichi, ambiri mukuganiza kuti njoka zimabadwira m'mimba zokha, kapena kuti mbuzi iliyonse imayenera kukhala nazo. Ayi. Imachita kudya, ndipo amene amaipatsa ndi inuyo. Mazira aja amatuluka ndi ndowe, kukakhala chinyezi ndi kutentha ngati mwezi wa Januwale amaswa, timphutsi take timadya momwemo mu ndowe, timafundula kawiri, sabata isanathe takhwima, ndiye timakwera pa udzu kutsata mame, makamaka m'munsimunsi mosapitirira utali wa chikhatho kuchokera pansi. Ndi maso simungatione. Mbuzi ikameza, pakapita masabata atatu tayamba kuikira mazira awo atsopano. Mwezi umodzi wokha gudumu lazungulira.

Nanga inu mumatani? Chimanga chikangomera mumakhoma chikhomo chimodzi kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa dambo, kumangirira mbuzi pamenepo kuyambira Disembala mpaka Malichi, chingwe chomwecho, bwalo lomwelo, ikudya pomwe ikunyerera, udzu wametedwa mpaka dothi. Mbuzi chibadwire chake imakonda kuyadamukira masamba a m'tchire, a m'mwamba, komwe timphutsi sitifika, inu ndi amene mukuikakamiza kunyambita pansi. Mumaitulutsanso mbandakucha mame ali tho chifukwa mukuthamangira kukapalira mbatatesi. Kodi kuzula chikhomo n'kukakhoma pena pakapita masiku atatu kapena anayi kumafuna ngongole ya ku banki mkhonde? Pomwe mwachokapo musabwererepo msanga, papume miyezi iwiri kapena kuposera. Dikirani dzuwa liumitse udzu. Dulani masamba a mitengo muwapachike m'mwamba izidya itaimirira. Ndipo makola apansi amatope aja, mbuzi kugona pa ndowe zake mpaka m'mawondo, alangizi akhala akunena za khola la m'mwamba mpaka mawu kusasa, mitengo yake ndi yomweyi ya bulugama.

China chomwe ambiri sadziwa, chilimwe tinjoka timeneti sitimatha. Tina timabisala m'khoma la chifu n'kugona osakula, kudikira mvula, ndipo timadzuka kwambiri mbuzi ikangobereka thupi lili lofooka. N'chifukwa chake zimayamba kugwa ndi zoyamwitsa ndi tiana, tonde ali bwinobwino. Komanso musadikire kuti itsegule m'mimba, mtundu uwu kawirikawiri sutsegulitsa. Gwirani mbuzi, tsitsani chikope cha m'munsi, muone mkati. Chikakhala chofiira ili bwino, chikayamba kutuwa kapena kuyera ngati pepala magazi atha. Ku South Africa anachita kupanga kakhadi ka mitundu isanu kofanizira chikope, amakatcha FAMACHA, koma olo mulibe kakhadiko maso muli nawo. Mukaona pansi pa chibwano patupa ngati muli madzi, si kunenepa, ili pafupi kufa.

Za mankhwala ndiye mumandichititsa manyazi. Munthu kugula albendazole wothiridwa m'kabotolo kopanda pepala kwa venda tsiku la msika, wakhala padzuwa kuyambira mmawa, sakudziwa kuti anatha liti ntchito, kenako dozi ya mbuzi imodzi kugawira zitatu kuti asunge ndalama. Mukudziwa chomwe mukuchita? Mukupha tinjoka tofooka tokha, tolimba tikutsala n'kuberekana, chaka chamawa mankhwala omwewo adzakhala ngati thobwa. Mankhwala amayendera kulemera kwa chiweto, ndipo mbuzi thupi lake limawatha msanga kuposa nkhosa, ndiye dozi yake funsani alangizi a ziweto, osati mnzanu wa pa bawo. Alipo a mitundu ingapo, levamisole, ivermectin, si albendazole yekha, ndipo albendazole sapatsa mbuzi yomwe yangotenga kumene bere, amatha kuwononga mwana m'mimba. Ena mumati ng'ombe zanga ndinapopera, kupopera kapena dibi ndi za nkhupakupa abale. Ndipo inu amene mumamwetsa lero, mukaona kuti sikudzuka mawa mwaigulitsa kwa anyamata a kanyenya, Mulungu akukuonani, pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira nyama isanadyedwe.

Nkhumba zili ndi yakeyake, Ascaris suum, chinjoka choyera chonenepa ngati pensulo, chimatha kufika masentimita 30 kapena kuposa. Ichi chimaikira mazira okwana 200,000 pa tsiku ndipo mazira ake ali ndi chikamba cholimba chomata, amakhala m'dothi zaka, kuzizira kwa ku Dedza kuja sikuwachita kanthu. Kankhumba kakameza, kamphutsi kamaboola matumbo kupita ku chiwindi, kuchoka apo ku mapapo, kankhumba kamatsokomola n'kumezanso, ndiye kenako n'kukakulira m'matumbo. Madontho oyera ngati mkaka omwe mumawaona pa chiwindi mukapha ndi njira yomwe timphutsi tinadutsa. Mukumadandaula kuti gaga akutha nkhumba sizikukula, mukudyetsa njoka. Ndiye ndowe zomwezo zaziwisi mukuzitutira kudimba kuthira pa kabichi ndi mpiru zopita ku Lizulu, pamene mazira amenewa amagwiranso munthu. Unjikani manyowa awole mpaka mulu utenthe mkati, kenako muzithira.

Koma pomwe pandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi pa agalu, chifukwa apa zikukhudza adzukulu athu. Galu wamkazi amatha kuoneka wathanzi koma m'minofu mwake muli timphutsi togona ta njoka yotchedwa Toxocara canis. Akatenga bere timadzuka n'kulowa mwa ana ali m'mimba momwemo, tina timadutsira ku mkaka, moti kagalu kamabadwa kale ndi njoka kasanalaweko nsima. Tiagalu tamimba zazikulu ngati ng'oma, ubweya uli nyankhalala, mumati takhuta, ayi ndithu. Pofika masabata atatu tayamba kumwaza mazira pabwalo. Mazirawo sagwira tsiku lomwelo, amafuna masabata awiri mpaka anayi m'dothi kuti akhwime, kutanthauza kuti mukanamawola manyi a galu tsiku ndi tsiku n'kukataya kuchimbudzi kapena kukwirira mozama bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma inu mumangowasiya aume, mvula iwasungunule, ndiye pabwalo pomwepo mwana wokwawa akudya dothi, ena akuphika masanje, ena akusenda mbatata yootcha osasamba m'manja. Mwa munthu kamphutsi aka sikakula kukhala njoka, kamasochera, kamayendayenda ku chiwindi, ku mapapo, nthawi zina mpaka m'diso, mwana n'kusiya kuona diso limodzi mpaka kalekale. Palinso ina ya agalu ndi amphaka yolowera pakhungu, mwana akamayenda chosavala pa mchenga wonyowa pamatuluka kamzere kofiira kokhotakhota koyabwa pa phazi. Mulu wa mchenga womangira nyumba uja, amphaka amauyesa chimbudzi usiku, masana ndi bwalo la ana anu. Mphaka nayenso ali ndi mtundu wake wa Toxocara, amautenga poyamwa komanso podya mbewa.

Ndiye wina adzati galu wanga anabayitsa. Anabayitsa chiwewe, zikomo mwachita bwino, koma jakisoni ameneyo sakhudza njoka olo imodzi. Tiagalu timayamba kumwa mankhwala a njoka tili ndi masabata awiri, n'kumabwereza masabata awiri aliwonse mpaka titakwanitsa miyezi itatu, mayi wake nayenso amwe, ndipo agalu akuluakulu azimwa miyezi itatu iliyonse. Anyamata osaka inu mumasunga agalu asanu ndi awiri, ndalama ya bandulo mumaipeza tsiku lililonse, ya mapiritsi a galu ndiye mulibe eti? Ngati simungathe sungani mmodzi. Ndipo amayi, kagalu kasamanyambite mbale ya mwana, musamaseke kakamamunyambita kukamwa.

Za mlamu wanga uja, zatsala zinayi, alangizi anabwera n'kuziyeza n'kumwetsa, tiana tamasiye tija tikuyamwa pa botolo. Chikhomo tinazula pamodzi tsiku lomwelo. Dzulo ndadutsa ndapeza chakhomedwanso pomwe paja, akuti kwinako kulibe mthunzi komanso n'kutali ndi khonde, sangamazione bwino. Loweruka ndikupitanso, ulendo uno chikhomocho ndikabwera nacho kuno ndidzasonkhere moto.