Pofufuza makolo a Cherokee musaiwale mapepala a usilikali

Anthu ambiri ku America akafuna kudziwa ngati makolo awo anali a Cherokee, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a dzikolo, amathamangira ku kaundula wa Dawes, amene boma linayamba kulemba mu 1898 pogawa malo komwe lero ndi Oklahoma. Sindiwadzudzula, popeza boma la Cherokee Nation ku Tahlequah limafuna dzina la kholo lako lipezeke m'kaundulayu kuti ukhale nzika. Koma ine ndimati wofunadi kudziwa agogo ake asathere pamenepo. Atsegulenso mapepala a usilikali.

Mu Malichi 1814, pa nkhondo ya Horseshoe Bend ku Alabama, ankhondo a Cherokee pafupifupi 500 anamenyera mbali ya Andrew Jackson, mkulu wa asilikali a America, polimbana ndi a mtundu wa Creek. Ena anasambira mumtsinje wa Tallapoosa, n'kulanda mabwato a adani, n'kuwadzera kumsana. M'gulu lawo lotsogoleredwa ndi Gideon Morgan munali atsogoleri a Cherokee monga John Ross ndi Junaluska, komanso Sequoyah, uja anapanga zilembo za chinenero chawo. Jackson yemweyo ndi amene mu 1830, ali pulezidenti, anasaina lamulo lowachotsa kwawo, ndipo pa ulendo wa misozi wa 1838 mpaka 1839 anthu pafupifupi 4,000 anamwalira. Junaluska anathamangitsidwa nawo. Anabwerera wapansi ku North Carolina, ndipo mu 1847 m'pamene boma la kumeneko linamupatsa unzika ndi malo. Zimandipweteka kwambiri kuti munthu amene anaika moyo wake pachiswe anachita kuyenda mtunda wonsewo kuti akagone kwawo.

Mafayilo a penshoni ndi a zopempha malo, osungidwa ku National Archives, kosungira zikalata zakale za boma la America, ndiwo chuma chenicheni. Mkazi wamasiye ankalumbira kuti anakwatiwa liti komanso kuti mwamuna wake anamwalira liti, ndipo mboni zinkatsimikiza. Mdzukulu amamvamo mawu a agogo ake enieni. Pamangofunika kufatsa, chifukwa alembi ankalemba mayina mmene anawamvera, ndipo Sequoyah amapezeka ndi dzina lake lachingerezi, George Guess.

Mapepalawa sabisanso zochititsa manyazi. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 a Cherokee anagawanika: ena anatsatira mtsogoleri wina wa Cherokee, Stand Watie, ku mbali ya Confederacy yoteteza ukapolo, ena analowa gulu la asilikali la Indian Home Guard ku mbali ya Union, ya boma la America. Wofufuza akhale wokonzeka kupeza agogo ake mbali iliyonse, ndipo akawapeza awalembe pa mndandanda wa banja mmene zinalili.