Wogulitsa sangakhale mboni ya khobidi lake lomwe

Loweruka lapitali mwana wa mchemwali wanga, amene tili naye kuno ku Indiana, anafika kunyumba kwanga m'mamawa akuchokera kuntchito ya usiku, asanapite n'kukagona komwe. Anatulutsa kabokosi ka pulasitiki m'thumba la jekete n'kukaika patebulo mosamala ngati akuika dzira, kenaka anati, "Amalume, inu mwatolera makobidi zaka zonsezi, koma ili lokha simunaligwirepo." M'kabokosimo munali khobidi la senti imodzi la ku America la mutu wa Pulezidenti Lincoln, ndipo pakapepala konyezimira kapamwamba panalembedwa kuti 1909-S VDB, MS-68. Analigula pamsika wina wa pa intaneti ndi malipiro a masabata awiri athunthu, ndalama imene anaipeza posamalira okalamba usiku, kuwatembenuza pabedi ndi kuwasambitsa. Ndinatenga galasi langa loonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo sipanathe mphindi ziwiri ndisanadziwe kuti mwanayu waberedwa masanasana. Mtima unandiwawa tsiku limenelo, ndipo mpaka pano mkwiyo sunaphwe, n'chifukwa chake ndikulemba izi.

Chilembo cha S chimene chili pansi pa chaka, chosonyeza kuti khobidi linasulidwa ku San Francisco, chinakhala chopendekeka, ndipo m'mphepete mwake munali kamzere kakuda kosonyeza kuti chinachita kumatidwa ndi munthu. Tsaya la Lincoln linali loperepeseka, ngala za tirigu zakuseri zinali zitafufutika mizere yake, ndipo khobidi lonse linali ndi timikwingwirima tolowera mbali imodzi ngati poto wokwechedwa ndi mchenga. Mtundu wake sunali wofiira wa mkuwa watsopano, komanso sunali woderako wa mkuwa wokalamba bwino; unali wotuwa mombuwirira, umene umabwera munthu akaviika khobidi m'mankhwala. Koma zilembo za MS zimatanthauza kuti khobidi silinayendepo m'manja mwa anthu chichokereni kumene linasulidwa, ndiye khobidi lotha tsaya chotere lingakhale bwanji MS, ndipo lingafike bwanji pa giredi 68, pamuyeso wa ubwino wa khobidi umene umathera pa 70? Titafufuza dzina la kampani limene linali pakapepalapo sitinapeze adiresi, sitinapeze tsamba lotsimikizirapo nambala, tinangopeza wogulitsa yemweyo ali ndi makobidi ena ambirimbiri, onse ali m'timabokosi tofanana, onse akuti ndi 68, 69 kapena 70. Munthu anagula timabokosi topanda kanthu, anasindikiza timapepala kunyumba kwake, n'kudzipatsa yekha magiredi amene mtima wake unafuna. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abale anga, ndikufuna kuti ichi chimveke bwino: giredi ya khobidi ndi umboni, ndipo wogulitsa sangakhale mboni ya katundu wake yemwe. Kubwalo la amfumu munthu woimbidwa mlandu saloledwa kunena kuti mboni yanga ndine ndemwe, bwalo n'kuombera m'manja. Amene munalimako fodya mukudziwa kuti mlimi angasankhe masamba ake bwino chotani kumudzi, belo likafika ku okushoni ku Kanengo limatsegulidwa, ndipo maso a anthu ena ndi amene amaona ngati tsamba lam'kati likufanana ndi lapamwamba. Nanga n'chifukwa chiyani pa makobidi pokha anthu akuvomera kuti mwini katundu alembe yekha nambala, ayimate papulasitiki, iwo n'kutulutsa ndalama? Pulasitiki si umboni. Kapepala konyezimira si umboni. Nambala imakhala ndi mphamvu chifukwa cha dzina la amene waipereka, ndipo dzinalo likakhala lopanda mwini, nambalayo ilibe kusiyana ndi imene mwana angalembe ndi khala pakhoma.

Manambala amenewa sanagwe kuchokera kumwamba. Muyeso woyambira pa 1 kufika pa 70 unayambitsidwa ndi William Sheldon mu 1949, ndipo poyamba anaukonzera makobidi akuluakulu amkuwa a ku America a zaka zoyambirira za dzikoli. Khobidi la 1 ndi lofufutika kotero kuti limangozindikirika movutikira, lapakati ndi loyendayenda koma looneka zilembo, kuyambira 60 ndi losayendapo konse, ndipo 70 ndi lopanda banga ngakhale ukaliyang'ana ndi galasi. Vuto linali lakuti kwa zaka zambiri wamalonda aliyense ankagwiritsa ntchito muyesowu momukomera yekha, pogula n'kunena kuti khobidi ndi lotsika, pogulitsa khobidi lomwelo n'kulikweza. Makampani oyeza makobidi anabwera kudzathetsa khalidwe limeneli. ANACS inayamba mu 1972, PCGS mu 1986, NGC mu 1987, ndipo mfundo yawo inali imodzi, yakuti woyeza akhale munthu wapadera, osati mwini katunduyo. Ku PCGS ndi ku NGC khobidi limadutsa m'manja mwa akatswiri angapo amene sadziwa kuti mwini wake ndani, kenaka limatsekeredwa m'kabokosi kosatseguka popanda kukaswa, kamene otolera makobidi amakatcha slab, ndipo limapatsidwa nambala yakeyake imene aliyense angaifufuze pa intaneti. Makampaniwa amalonjezanso kulipira ngati khobidi limene analivomereza lapezeka kuti ndi labodza. Chimene munthu amalipira pogula khobidi loyezedwa ndi lonjezo limenelo, osati pulasitiki. Tsono munthu amene akudziyezera yekha kuchipinda kwake wabweza zinthu kumene zinali kale, ndipo waonjezapo chinyengo, chifukwa wavala malaya a mboni pamene iye ndi mwini mlandu.

Sindikunena kuti akatswiriwo salakwitsa. Ndaonapo makobidi awiri a giredi imodzi, lina lokongola kuposa linzake, ndipo si zachilendo kuti khobidi lomwelo lisiyane ndi sitepe imodzi likatumizidwa kachiwiri, pakuti oyezawo ndi anthu ndipo akugwiritsa ntchito maso. Koma kusiyana pakati pa 63 ndi 64 ndi nkhani ina, kutcha khobidi lokwechedwa ndi lomatidwa chilembo kuti ndi 68 ndi nkhani inanso. Choyambacho ndi kusiyana kwa maso, chachiwiricho ndi kuba. Khobidi la mwana wa mchemwali wanga likanapita ku kampani yoona silikanalandira nambala iliyonse, chifukwa ngakhale khobidi lenileni likapezeka kuti linatsukidwa limangolembedwa kuti Details, ndipo mtengo wake umagwa, pamene lomatidwa chilembo limabwezedwa kuti lasinthidwa.

Wakubayo anasankha khobidi la 1909-S VDB mwadala, chifukwa amadziwa kuti ndilo limene wotolera aliyense watsopano amalilota. Makobidi a mutu wa Lincoln anatuluka koyamba mu Ogasiti 1909, ndipo wojambula wake, Victor David Brenner, anaika zilembo zitatu za dzina lake pansi kuseri kwa khobidi. Anthu anadandaula kuti zilembozo zaonekera kwambiri, ndipo patangotha masiku ochepa boma linalamula kuti zichotsedwe. Pofika nthawi imeneyo ku San Francisco anali atasula makobidi 484,000 okha okhala ndi zilembozo, pamene ku Philadelphia anali atasula pafupifupi 28 miliyoni. La ku Philadelphia lilibe chilembo pansi pa chaka, la ku San Francisco lili ndi S, ndipo kachilembo kamodziko ndi kamene kamasiyanitsa khobidi la madola ochepa ndi khobidi la madola mazanamazana ngakhale litakhala lakutha, kapena masauzande likakhala labwino. Ndiye wakuba amatenga la ku Philadelphia, amadula S pa khobidi lina lotchipa, amamata, amatsuka kuti chipsera chisaoneke, n'kutsekera mu pulasitiki kuti wogula asaligwire ndi kuliyang'ana bwino. Apa pulasitiki sikuteteza khobidi, ikuteteza bodza. Khobidi lotchuka chonchi ndilo lofunika mboni yeniyeni kuposa ena onse, ndipo ndilo limene mwanayu analigula pa umboni wa wogulitsa.

Pasitolo yomweyo ya pa intaneti panalinso makobidi a 1943 amene akuti ndi amkuwa, nawonso ali m'timabokosi take tija. Aliyense amene anawerengako pang'ono akudziwa kuti chaka chimenecho America inasula makobidi a senti imodzi achitsulo chifukwa mkuwa unkafunika kunkhondo, ndipo amkuwa amene anasulidwa mwangozi ndi owerengeka kwambiri padziko lonse. Munthu mmodzi angakhale nawo bwanji asanu, n'kumawagulitsa pamtengo wa nsapato? Ambiri mwa makobidi otere ndi achitsulo opakidwa mkuwa pamwamba ndipo maginito amawakoka nthawi yomweyo, ena ndi a 1948 amene wina anapala theka la 8 kuti lioneke ngati 3. Koma poti ali mu pulasitiki, ndipo papulasitikipo pali nambala, anthu akugula. Kaya ndi umphawi, kaya ndi dyera, kaya ndi mavidiyo a pafoni aja olonjeza mamiliyoni, zimenezo aliyense adziyankhe yekha. Ine chimene chikundiwawa n'chakuti munthu akudzichitira umboni yekha ndipo akukhulupiriridwa.

Ndinamufunsa mwanayo kuti, "Iwe, nambala yanga ya foni uli nayo, unalephera chiyani kunditumizira chithunzi usanalipire?" Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amalume, ndinkafuna kukudabwitsani, komanso wogulitsayo analemba kuti latsala limodzi." Safunsa anadya phula, ndipo ndinamuuza zimenezo pamaso, koma nditaona misozi ikulengeza m'maso mwa mnyamata amene sanagone usiku wonse, ukali wanga unachoka pa iye n'kubwerera kwa mwini wake. Ena mudzalemba pansipa kuti wapusa yekha, ndipo ndikukupemphani kuti musatero. Munthu wosadziwa si wakuba. Wakuba ndi uja amene anakhala pansi ndi guluu, chilembo ndi makina osindikizira, akudziwa bwino lomwe kuti amene adzagule ndi munthu wongoyamba kumene, wosasiyanitsa dzina la kampani yoona ndi dzina longopeka. Ndipo mayina opekawo amawasankha mochenjera, zilembo zitatu kapena zinayi zofananako ndi zenizeni, kuti wothamanga asaone kusiyana.

Ngakhale kabokosi kolembedwa PCGS kapena NGC kamene musakakhulupirire ndi maso okha, chifukwa akuba anaphunzira kupanga timabokosi tabodza tokhala ndi mayina oona. Nambala imene ili pakapepala ilembeni patsamba la kampaniyo, muone ngati chaka, chilembo ndi giredi zikugwirizana, ndipo ngati pali chithunzi, muyerekezere kabanga kalikonse ndi khobidi limene akukugulitsanilo. Zimenezi n'zaulere ndipo sizitha mphindi zisanu. Wogulitsa amene akubisa nambala pachithunzi, kapena akukana kulandiranso khobidi mukaliona kuti silili bwino, wakuuzani kale chimene iye ali. Ine ndingasankhe khobidi loderako la giredi 12 limene mboni yodziwika inaliona, kusiyana ndi lonyezimira la 70 limene mboni yake ndi mwini sitolo. Panopa tikulimbana ndi zakuti ndalama ya mwanayu ibwezedwe, ndipo wogulitsayo wasiya kuyankha.

Ndipo inu abale a kumudzi amene mumanditumizira zithunzi pa WhatsApp, nanunso ndili nanu mawu. Sipatha mwezi ndisanalandire chithunzi cha khobidi loboola pakati la nthawi ya Chitaganya, lija la Rhodesia and Nyasaland la njovu ziwiri, ndi uthenga wakuti "Achimwene, tipezereni mzungu wogula, akuti ndi mamiliyoni." Makobidi amenewo anasulidwa ochuluka kwambiri kuyambira 1955 mpaka 1963, ndipo agogo athu ankagulira mchere ndi machesi. Ndi chuma cha mbiri yathu ndipo ndi oyenera kusungidwa, koma ambiri mwa iwo mtengo wake sufika ngakhale pa ndalama yotumizira khobidi limodzi kukayezedwa. Choipitsitsa n'chakuti musanajambule mumayamba mwalikwecha ndi phulusa, mandimu kapena mchenga kuti liwale, ndipo potero mumachotsa khungu limene mkuwa unavala kwa zaka zoposa 60, lomwe silingabwererenso. Mlungu wathawu wina wanditumizira khobidi la Malawi la 1967, lisanabwere dzina la kwacha ndi tambala, lili mbee ngati supuni, atalikanda ndi waya wotsukira miphika mpaka zilembo zina kufufutika, ndipo akundifunsa kuti ndimuuze giredi yake pafoni pomwepo.