Musanyoze laputopu, vuto ndi imshow yanuyo

Dzulo mnzanga wina amadandaula kuti laputopu yake ya memory (RAM) ya 4 GB yatha ntchito, ikungouma akamaonetsa kanema mu Matplotlib, library ya Python yojambulira ma graph. Anali atayamba kale kufunsa mitengo ya ina. Nditayang'ana code yake ndinapeza plt.imshow, function ya Matplotlib yoonetsera chithunzi, ili mkati mwa loop, ikuitanidwa pa frame (chithunzi chimodzi cha kanema) iliyonse.

Anzanga, imshow sifufuta chithunzi chakale. Imapanga chatsopano n'kuchisanjika pamwamba pa zinzake, zakalezo n'kutsala mu memory. Tawerengerani nokha. Frame imodzi ya 1920 x 1080, ya mitundu itatu, ya uint8 (byte imodzi pa mtundu uliwonse wa pixel), imadya ma byte 6,220,800, kuposa pang'ono 6 MB. Kanema wa ma frame 30 pa sekondi ndiye kuti 186 MB pa sekondi iliyonse. Masekondi 20 okha a kanema, RAM yonse ija yapita. Purosesa nayo imavutika ndi mulu wonsewo pofuna kujambula, n'chifukwa chake fani imalira ngati chigayo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Itanani imshow kamodzi kokha kunja kwa loop, musunge chomwe yabweza, tinene kuti im, kenako mkati muzingoti im.set_data(frame). Ngati mukugwiritsa ntchito FuncAnimation, chida cha Matplotlib chopangira zithunzi zoyenda, ikani blit=True kuti isamajambulenso ma axes ndi zilembo zomwe sizinasinthe. Frame ichepetseni ndi cv2.resize ya OpenCV (library ina ya zithunzi ndi makanema), chifukwa kawindo kakang'onoko sikangaonetse ma pixel onsewo. Musaisandutsenso float64 (ma byte 8 pa nambala iliyonse) popanda chifukwa, imakula kasanu ndi katatu.

Koma maganizo anga enieni ndi awa. John Hunter anayambitsa Matplotlib kuti azijambulira ma graph a kafukufuku, sanaipangire kuonetsera kanema. Ngati mukungofuna kuona zomwe kamera ikuona, cv2.imshow ya OpenCV ikukwanirani, ndipo mitundu ya BGR (dongosolo lomwe OpenCV imasanjira mitundu) imaionetsa bwino osafuna kuitembenuza kukhala RGB ngati momwe Matplotlib imafunira. Matplotlib muisungire pomwe mukufunadi graph pambali pa chithunzi.

Chimandiwawa n'chakuti ophunzira ambiri amakopera zitsanzo zolembedwa ndi anthu a makina amphamvu, zikakanika amayamba kudziona osauka, ena mpaka kusiyiratu kuphunzira. Mnzanga uja tinangosintha mizere itatu. Kanema yemweyo, laputopu yomweyo, memory inangokhala pamodzimodzi mpaka kumapeto, ndipo ndalama yogulira laputopu ina ija walipirira intaneti.